Zotsatira zikamakana kugwirizana ndi buku poyeza liwiro la reaction ndi kutentha kwake

Vutoli limabwera chaka ndi chaka m'labotale iliyonse imene amaphunzitsiramo Chemistry. Magulu awiri atunga m'botolo limodzi la sodium thiosulfate, asidi ndi yemweyo, koma gulu lina laona mtanda wolembedwa pansi pa flask ukuzimiririka pasanathe theka la mphindi pomwe linzake ladikira mphindi yathunthu. Kapena mwasakaniza asidi ndi alkali, mwawerengera bwinobwino, yankho n'kutuluka 40 kJ pa mole (muyezo wa kuchuluka kwa tinthu ta mankhwala) pomwe buku likunena 57. Zikatere ena amathamangira kunena kuti mankhwala ndi akale, ena amangokonza manambala mwakachetechete kuti galafu iwongoke. Kukonza manambalako ndimadana nako kwambiri, chifukwa nambala yopotokayo ndi imene ikanakulozerani pamene pali vuto. Kawirikawiri pamakhala chinthu chimodzi chimene mumayesa kuti chili chimodzimodzi koma chasintha inu osadziwa, ndipo chimapezeka mukachifufuza modekha.

Musanagwire botolo lililonse, siyanitsani mafunso awiri amene amasokonekera m'mitu ya anthu ambiri. Loyamba ndi lakuti reaction ikuyenda mofulumira bwanji. Lachiwiri ndi lakuti yatulutsa kapena yamwa mphamvu yochuluka bwanji. Chitsulo chikamachita dzimbiri chimatulutsa kutentha, koma pang'onopang'ono moti dzanja silingakumve. Haidrojeni ndi okosijeni zikasakanikirana zimangokhala phee, ngakhale kuti zikagwirizana zimatulutsa mphamvu yoopsa, mpaka kamoto kakang'ono kaziyambitse. Svante Arrhenius anafotokoza chifukwa chake mu 1889: tinthu tisanasanduke china timayenera kaye kupeza mphamvu yoyambira, imene amaitcha activation energy. Ili ngati chitunda chimene muyenera kukwera musanatsetserekere kuseri. Kutalika kwa chitundacho n'kumene kumalamula liwiro, pomwe ΔH, mphamvu imene reaction yatulutsa kapena kumwa, imangoona kusiyana kwa pamene munayambira ndi pamene mwakathera.

Kuti reaction ichitike tinthu tiyenera kugundana, ndipo tigundane ndi mphamvu yokwanira. Zimene zimasintha kugundanako ndi concentration (kuchuluka kwa mankhwala m'muyezo umodzi wa madzi), madigiri a kutentha, kukula kwa malo amene cholimba chikukhudzana ndi madzi, ndi catalyst (chinthu chofulumizitsa reaction icho osatha). Ndiye liwiro likamasinthasintha popanda chifukwa chooneka, dzifunseni kuti pa zinayizi n'chiti chasuntha.

Mtanda ukamazimiririka pa nthawi zosiyanasiyana

Sodium thiosulfate akakumana ndi hydrochloric acid pamapangika sulufule, ndipo ndi amene amachititsa madzi kuda ngati chifunga chachikasu mpaka mtanda wolembedwa pansi pa flask usaonekenso. Chimene diso lanu likuyeza si liwiro lenilenilo ayi. Likuyeza nthawi imene sulufule wokwanira kubisa mtanda wapangika, ndipo kukwanirako kumadalira kuya kwa madzi amene mukusuzumiramo. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Pofuna kuchepetsa concentration amachepetsa thiosulfate kuchoka pa 50 cm³ kufika pa 30 cm³, osaonjezera madzi. Akatero concentration yangosintha pang'ono chabe, chasintha kwambiri ndi kuya. Mukachotsa 20 cm³ ya thiosulfate bwezerani 20 cm³ ya madzi, kuti zonse pamodzi zikhale muyezo womwewo ulendo uliwonse. Pa chifukwa chomwechi musasinthe flask pakati pa ntchito. Ya pansi potambalala imamwaza madzi, kuya kumachepa, mtanda umachedwa kubisika.

Mtanda ukhale womwewo, wolembedwa ndi cholembera chomwecho, ndipo woyang'ana akhale munthu mmodzi, akuyang'ana kuchokera pamwamba. Maso a anthu amasiyana, wina amati wazimiririka mnzake akuuonabe. Kusiyana kwa magulu awiri nthawi zina kumathera pomwepa, ndipo si vuto lalikulu bola gulu lililonse lisasinthe woyang'ana.

Kenako yang'anani ukhondo wa ziwiya. Sulufule amamatirira pagalasi mukachedwa kutsuka, ndiye ulendo wotsatira mumayamba ndi flask yachifunga kale. Dontho la asidi lotsalira mkati limayambitsa reaction musanayatse wotchi. Choyezera asidi chikhale chake, cha thiosulfate chake, ndipo muzilembe. Ngati thiosulfate wa m'botolo lalikulu wayamba kale kuoneka woyererako asanathiridwe kanthu, ndiye kuti asidi analowamo, mutayeni mukonze wina.

Chimene chimabisala kwambiri ndi kutentha. Pa ma reaction ambiri, pa kutentha kwa m'chipinda, madigiri 10 okha amachulukitsa liwiro pafupifupi kawiri. Lamuloli ndi longoyerekeza, limagwira bwino activation energy ikakhala cha m'ma 50 kJ pa mole, koma likusonyeza kukula kwa nkhaniyi: madigiri atatu okha angasinthe liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena kuposerapo. Tebulo la pawindo pamene pakuwomba dzuwa silifanana ndi la pakona. Madzi amene mwangotunga pampopi safanana ndi amene akhala m'chipinda kuyambira m'mawa. Flask imene mwaitsuka ndi madzi otentha imasunga kutenthako. Lembani madigiri ulendo uliwonse, ngakhale pamene simukuyeza za kutentha, chifukwa tsiku limene manambala adzapotoke mudzakhala ndi poyambira.

Pamene kutentha ndi kumene mukufufuza, musadalire madigiri amene munawerenga thiosulfate ali pamoto. Mukamuchotsa n'kuthiramo asidi wozizira, madigiri amatsika nthawi yomweyo ndipo amapitiriza kutsika. Werengani mutangosakaniza, werenganinso mtanda utabisika, mutenge pakati pake. Ndibwinonso kutenthetsa zonse ziwiri m'madzi amodzi ofunda musanazisakanize. Musapitirire madigiri cha m'ma 55. Kupyola apo mtanda umazimiririka m'masekondi ochepa moti chala chanu pawotchi chimalakwitsa kuposa chimene mukuyeza, komanso mpweya wa sulfur dioxide umatuluka wambiri. Mpweya umenewu umatsamwitsa ndipo ndi woopsa kwa odwala mphumu. Tsegulani mawindo, musaike mphuno pakamwa pa flask, ndipo mukamaliza thirani zotsalazo m'madzi a sodium carbonate kuti reaction iime.

Pali madandaulo awiri amene si mavuto n'komwe. Wina amati galafu yake yapindika. Ngati walemba nthawi moyang'anizana ndi concentration, iyenera kupindika. Alembe 1 ÷ nthawi, mzere udzawongoka. Wina amati wasintha concentration ya asidi koma nthawi yangosuntha pang'ono. Ndi mmene reaction imeneyi ilili: liwiro lake limatsatira kwambiri thiosulfate, asidi amangolikhudza pang'ono. Sinthani thiosulfate ngati mukufuna kuona kusintha koonekera.

Mpweya ukamachepa kapena reaction ikaima msanga

Thovu likuoneka m'flask koma gas syringe yotolera mpweya wotuluka sikusuntha, kapena ikusuntha modumphadumpha. Yambani ndi kudontha kwa mpweya. Tsekani zonse, kokani chokankhira cha syringe pang'ono, musiye. Chikabwerera pamene chinali, palibe potulukira. Chikangokhala pomwepo, mpweya ukulowa penapake, kawirikawiri pa chotsekera kapena pamene kapaipi ka labala kang'ambika. Kudumphadumpha kumabwera syringe ikanyowa mkati kapena ikapanidwa kwambiri ndi chogwirira. Iumitseni, igonekeni chopingasa, ndipo muzipotokola chokankhiracho pang'ono pamene mukuwerenga.

Reaction imathamanga kwambiri pachiyambi penipeni, nthawi imene inu mukulimbana ndi chotsekera. Mpweya umene wathawa m'masekondi amenewo subwerera. Njira yabwino ndi kuika cholimbacho m'kachubu kakang'ono, kuimika kachubuko mkati mwa flask momwe muli asidi, kutseka, kenako kupendeketsa flask kuti zikumane. Mukatero mwapewanso vuto lina: kukankha chotsekera kumakankhiranso mpweya wamba m'syringe, n'kuwerenga ma cm³ angapo reaction isanapange kanthu.

Ngati mukutolera carbon dioxide m'choyezera chozondotsa m'madzi, yembekezani kuti achepa, chifukwa amasungunuka m'madzimo. Haidrojeni ndi okosijeni savuta motero. Pa carbon dioxide gwiritsani ntchito syringe kapena sikelo.

Timiyala ta marble tikayamba bwino kenako n'kuzizira pasanapite nthawi, timiyalato tilipobe, asidinso alipo, onani dzina pabotolo. Sulfuric acid amapanga calcium sulfate, amene sasungunuka bwino ndipo amakuta mwala uliwonse moti asidi safikanso mkati. Hydrochloric kapena nitric acid sachita zimenezi. Timiyalato timanyenganso m'njira ina. Magalamu ofanana satanthauza malo okhudzana ofanana, ndipo fumbi loyera la pansi pa botolo limathamangitsa masekondi oyambirira. Sankhani timiyala tofanana kukula, titsukeni fumbi, tiume musanayeze.

Magnesium akachedwa kuyamba, ndi chifukwa cha khungu lotuwa la oxide limene limamukuta akakhala pamphepo. Mukhuleni ndi sandipepa mpaka awale, kenako muyeze. Amakondanso kuyandama pamwamba atanyamulidwa ndi thovu, ndiye muzigwedeza flask mofanana ulendo uliwonse. Nthawi zina galafu yake imayamba mofatsa, n'kuthamanga pakati, n'kudzafatsanso. Chimachititsa ndi khungu lija pamodzi ndi kutentha kumene reaction imadzipangira yokha, kumene kumaithamangitsa. Gwirani flask mumve. Ngati yafunda, chepetsani magnesium kapena onjezerani kuchuluka kwa asidi kuti kutenthako kumwazikane.

Werengerani musanayambe. Mole imodzi ya mpweya imatenga malo okwana pafupifupi 24 dm³ pa kutentha kwa m'chipinda. Magnesium wolemera 0.1 g ndi mamole pafupifupi 0.004, ndipo amatulutsa haidrojeni wokwana pafupifupi 100 cm³, wokwanira kukankhira chokankhira cha syringe ya 100 cm³ pansi n'kusweka. Theka lake ndi lokwana. Kuwerengera komweku kukuuzani chifukwa chimene sikelo imakhalira chete mukafuna kuyeza haidrojeni pa kuchepa kwa kulemera: 100 cm³ yonseyo imalemera 0.008 g yokha, pomwe carbon dioxide wochuluka chimodzimodzi amalemera pafupifupi 0.18 g. Njira ya sikelo ndi ya carbon dioxide, ndipo pakamwa pa flask muikepo thonje lomasuka kuti timadontho ta asidi tisathawe limodzi ndi mpweya.

Funso limene limagwetsa ambiri, m'labotale ndi pamayeso pomwe, ndi la pamene galafu imakathera. Ufa wa marble ndi timiyala, zikalemera mofanana, zimakathera pa mpweya wofanana, ufa umangofika msanga. Kutenthetsa nakonso kumangofulumizitsa. Koma mukachulukitsa concentration ya asidi kawiri, zimadalira chimene chimayamba kutha. Ngati marble ndi wochuluka ndipo asidi ndi amene amatha, mpweya udzachulukanso kawiri. Ngati asidi anali wotsala kale, mpweya udzakhala womwewo. Suzumirani m'flask pamapeto: ngati timiyala tatsala, anatha ndi asidi.

Hydrogen peroxide ndi mankhwala amene angakhaledi akale. Amawola yekha pang'onopang'ono kukhala madzi ndi okosijeni, ndipo kuwala ndi kutentha zimafulumizitsa, n'chifukwa chake amasungidwa m'botolo lakuda pamalo ozizira. Muyeseni pang'ono ndi kaufa ka manganese dioxide tsiku la ntchito lisanafike. Thovu likakhala lofooka, vuto ndi botololo. Manganese dioxide ndi catalyst, ndipo khalidwe limeneli Jöns Jacob Berzelius analipatsa dzina mu 1835. Catalyst imatsegula njira ina ya activation energy yochepa. Mukaichulukitsa okosijeni amatuluka msanga, koma kuchuluka kwake pamapeto sikusintha, ΔH nayonso sisuntha. Mukaisefa kuti mutsimikize kuti sinathe, iumitseni kaye bwinobwino, apo ayi sikelo idzanena kuti yachuluka.

Kutentha kukamachepera pa zimene buku likunena

Tengani 25 cm³ ya hydrochloric acid wa 1.0 mol/dm³ musakanize ndi 25 cm³ ya sodium hydroxide wa concentration yomweyo. Pamapangika mamole 0.025 a madzi. Asidi wamphamvu ndi alkali wamphamvu amatulutsa pafupifupi 57 kJ pa mole ya madzi, ndiye apa tikuyembekezera 1,425 J. Madzi onse ndi 50 g, ndipo galamu iliyonse imafuna 4.18 J kuti ikwere digiri imodzi, choncho thermometer iyenera kukwera ndi madigiri pafupifupi 6.8. Dziwani nambala imeneyi musanasakanize. Ikakwera ndi 6 kapena kuposerapo pang'ono, ntchito ya manja ili bwino, ndipo ngati yankho lomaliza lapotoka vuto lili papepala. Ikakwera ndi 4 kapena 5, vuto lili patebulo.

Papepala zolakwika zake ndi zodziwika. Yankho likatuluka theka, pafupifupi 28, mwina mwaika 25 g m'malo mwa 50 g, kapena mwaphatikiza mamole a asidi ndi a alkali n'kugawa ndi 0.05. Likatuluka kawiri pa sulfuric acid, mwaiwala kuti mole imodzi ya asidi ameneyu imapanga mamole awiri a madzi. Likakula ka 1,000, simunasinthe ma joule kukhala ma kilojoule.

Patebulo mdani ndi kutentha kothawa. Beaker yagalasi imamwa kutentha ndi kukutaya. Gwiritsani ntchito kapu ya polystyrene yokhala ndi chivindikiro, muiike m'beaker kuti isagwe, thirani zonse kamodzi, takasani, ndipo musachotse diso pa thermometer chifukwa nambala yapamwamba sikhalitsa. Yezani madigiri a madzi onse awiri musanasakanize, akasiyana mutenge pakati. Thermometer yolemba digiri imodziimodzi ndi yosakwanira pa kusintha kwa madigiri 7, kulakwitsa digiri imodzi kumapotoza yankho ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri. Pezani yolemba 0.1 kapena 0.2. Sodium hydroxide wosiyidwa chosatseka amamwa carbon dioxide wa mumpweya n'kufooka, ndiye ngati zonse mwachita bwino koma nambala ikutsikabe, konzani watsopano.

Kutentha kothawa kumachepetsa yankho nthawi zonse, sikungalikulitse. Ndiye mukapeza nambala yoposa ya m'buku, musanene kuti ndi kuthawa kwa kutentha, monga ambiri amalembera mosaganiza. Chimodzi chimene chimakulitsa ndi kuthira sodium hydroxide wolimba m'asidi. Kusungunuka kwake kokha kumatulutsa pafupifupi 44 kJ pa mole, ndipo mukaphatikiza ndi 57 mumapeza cha m'ma 101. Umu ndi mmene lamulo la Germain Hess la mu 1840 limanenera: mphamvu yonse ndi yofanana kaya mwadutsa njira imodzi kapena masitepe awiri.

Pa zinc ndi copper sulfate mafunso awiri aja amakumana. Mphamvu yake ndi pafupifupi 217 kJ pa mole, moti 25 cm³ ya copper sulfate wa 0.2 mol/dm³ iyenera kukwera ndi madigiri oposa 10 pang'ono. Koma reaction imeneyi siithamanga ngati ya asidi ndi alkali. Mukagwiritsa ntchito zinc wa timibulu imatenga nthawi yaitali, kutentha kumathawa kukupangika, ndipo thermometer sifika n'komwe pamwamba. ΔH sinasinthe, kuchedwako ndi kumene kwakuberani. Gwiritsani ntchito ufa wa zinc, wochuluka kuposa wofunika, ndipo muzitakasa mosalekeza mpaka mtundu wa buluu uthe. Kenako chitani ichi, chimene ambiri amachidumpha: lembani madigiri pa theka lililonse la mphindi kwa mphindi zitatu musanathire zinc, thirani, pitirizani kulemba mpaka madzi akhale akuzizira kwa mphindi zingapo. Pagalafu jambulani mzere wodutsa m'madontho a kuzizirako, muubweze mpaka pa mphindi imene munathira zinc. Pamene wafikapo ndi pamene madigiri akanafika kutentha kukanapanda kuthawa. Powerengera, kulemera ndi kwa madzi okha, 25 g, ndipo mamole ndi a copper sulfate chifukwa ndi amene amatha.

Poyatsa ethanol pansi pa chitini cha madzi, musayembekeze kufika pa 1,367 kJ pa mole ya m'buku. Kutentha kwambiri kumapita mumpweya ndi m'chitini, ndipo mwaye wakuda pansi pake ndi umboni wakuti ethanol sanapse mokwanira. Tchingirani mphepo, yandikizani lawi, gwiritsani ntchito chitini cha copper m'malo mwa galasi, ndipo vindikirani nyale ya ethanol mukangozimitsa musanaiyeze, chifukwa ethanol amapitiriza kuuluka pa chingwe chofunda. Ngakhale mutatero nambala idzatsikabe. Njirayi ndi yabwino poyerekeza mafuta awiri pa zipangizo zofanana, ndipo polemba lipoti nenani zimenezo mosabisa.

Chizindikiro cha + ndi − chimasokoneza chifukwa thermometer imayeza madzi ozungulira reaction. Madzi akafunda, mphamvu yachoka m'mankhwala, ΔH ndi −. Ammonium nitrate akamasungunuka kapu imazizira chifukwa akumwa kutentha kwa madziwo, pafupifupi 26 kJ pa mole, ndipo ΔH ndi +. Pa zozizirazi vuto limatembenuka: kutentha kwa m'chipinda kumalowa m'kapu, kutsikako kumachepa, ndiye chivindikiro chimafunikabe.

Powerengera ndi ma bond energy, mphamvu ya ma bond amene amalumikiza maatomu, gwiritsitsani chinthu chimodzi: kudula bond kumafuna mphamvu, kupanga bond kumatulutsa mphamvu. Pa H₂ + Cl₂ → 2HCl mumadula H–H, 436 kJ, ndi Cl–Cl, 242 kJ, zonse 678. Mumapanga ma H–Cl awiri, iliyonse 431, zonse 862. Chotsani zopangidwa pa zodulidwa: 678 − 862 = −184 kJ. Mukapeza +184 mwatembenuza, mukapeza +247 mwaiwala 2 wa kutsogolo kwa HCl. Pa mamolekyu akuluakulu jambulani bond iliyonse papepala musanawerenge, chifukwa carbon dioxide ali ndi ma C=O awiri ndipo molekyu iliyonse ya madzi ili ndi ma O–H awiri.

Mukachita zonse molondola pa kuyaka kwa methane mudzapeza cha m'ma −800 kJ, pomwe buku likunena −890. Simunalakwitse. Ma bond energy ambiri ndi apakatikati, otengedwa m'mamolekyu osiyanasiyana, ndipo amawerengera zonse ngati mpweya. Nambala ya m'buku imawerengera madzi atasanduka amadzimadzi, ndipo mole iliyonse ya nthunzi ikamasanduka madzi imatulutsa 44 kJ ina. Methane amapanga mamole awiri a madzi, ndiye onjezerani 88 kJ pa mphamvu yotuluka, −800 ikhale −888, pa yankho lanu musanaliyerekeze ndi la m'buku.